Msonkho wa nyumba ndi malo: mmene amauwerengera, koufufuza, ndi kalipiridwe kake

Bilu ya msonkho wa nyumba imachokera pa nambala ziwiri zokha. Yoyamba ndi mtengo umene akatswiri a khonsolo kapena a boma aika pa nyumba ndi malo anu. Yachiwiri ndi mlingo wa msonkho, kutanthauza gawo limene khonsolo yagwirizana kuti idule pa mtengowo chaka chimenecho. Akachulukitsa ziwirizi n'kuchotsapo zimene lamulo lakukhululukirani, yotsalayo ndiyo ndalama imene mumaiona m'munsi mwa pepala.

Mlingowo munthu mmodzi sangausinthe, chifukwa umakhazikitsidwa pa msonkhano wa bajeti ndipo umagwira aliyense. Mtengo ndi umene mungautsutse, koma nthawi yake imakhala yochepa, ndipo kawirikawiri imadutsa bilu isanafike n'komwe. Anthu ambiri amaluzira ndalama pamenepa: amapsa mtima tsiku limene alandira bilu, pamene khomo lodandaulira linatsekedwa kalekale. N'chifukwa chake ndikhalitsa kwambiri pa nkhani ya mtengo.

Choyamba: dziwani kuti ndi msonkho uti, nanga wolipira ndani

Nyumba imodzi imatha kukhala ndi zolipira zingapo za boma, ndipo anthu amazisokoneza. Pali lendi ya malo imene amalipira amene ali ndi lizi. Pali msonkho wa pa ndalama zimene mwini nyumba amalandira akachititsa lendi. Palinso msonkho wolipira kamodzi kokha pamene nyumba ikusintha mwini. Umene tikukamba pano ndi wina: wa chaka ndi chaka, wopita ku khonsolo kapena boma laling'ono la dera, wothandizira misewu, ngalande, magetsi a mumsewu, kutola zinyalala ndi ozimitsa moto. Ku United States gawo lalikulu la msonkhowu limayendetsanso sukulu za boma. Kulipira lendi ya malo sikukuchotserani msonkho wa khonsolo, ndipo lisiti la uku siligwira ntchito uko.

M'mayiko ambiri wolipira ndi mwini malo, ngakhale atakhala kutali nyumbayo ataichititsa lendi. Ku England n'zosiyana: msonkho wa nyumba zokhalamo, umene amautcha Council Tax, amalipira wokhala m'nyumbamo, ngakhale akhale wochita lendi. Ngati munagwirizana awiri kuti wina azilipira m'malo mwa mnzake, lembani panganolo, komabe dziwani kuti khonsolo imatsata munthu amene lamulo lamutchula, osati amene munapangana inu.

Chachiwiri: pezani nambala ya malo anu

Khonsolo sidziwa nyumba potengera mtundu wa geti kapena dzina limene anansi amaitchula. Imaidziwa ndi nambala, ndipo nthawi zambiri zimakhala zitatu: nambala ya puloti, nambala ya pa chikalata cha umwini, ndi nambala ya akaunti ya msonkho. Muzipeza pa bilu yakale, pa chikalata cha umwini, pa pangano logulira nyumba kapena pa pulani imene khonsolo inavomereza. Zilembeni zonse pamalo amodzi monga mmene zilili, osasiya ziro wa kutsogolo kapena kamzere kapakati. Kamzere kamodzi kakasowa, kompyuta ikuuzani kuti malowo kulibe, kapena ikuonetsani ngongole ya munthu wina.

Chachitatu: pitani mukaone kaundula wa mitengo

Mitengo ya malo onse a m'dera imalembedwa m'kaundula, ndipo m'mayiko ambiri lamulo limalola aliyense kumuona. Kumene zinthu zili pa intaneti, mumangolemba nambala ya malo kapena adiresi pa webusayiti ya khonsolo kapena ya ofesi yoika mitengo. Ku England ndi Wales mumalemba postcode (nambala ya dera ya pa adiresi) pa GOV.UK, webusayiti ya boma, n'kuona gulu la mtengo limene nyumba iliyonse ya mumsewu wanu ili. Kumene kulibe zotere, kaundulayo amakhala buku kapena mapepala ku ofesi ya zachuma ya khonsolo, ndipo mumangopempha kuti muone tsamba lanu. Onetsetsani kuti webusayitiyo ndi ya boma yeniyeni, chifukwa pali ena amene amakulipiritsani kuti akuonetseni zinthu zimene boma limaonetsa ulere.

Mukapeza mzere wanu, musathamangire kumapeto kumene kuli mtengo. Werengani bokosi lililonse: dzina la mwini, kukula kwa malo, kukula kwa nyumba, ntchito imene alemba kuti nyumbayo imagwira, chaka chimene inamangidwa, mtengo wa malo paokha ndi mtengo wa zomangidwapo. Zolakwika zambiri zimabisala m'mabokosi ang'onoang'onowa. Khonde lopanda makoma amaliwerenga ngati chipinda. Shedi imene inagwetsedwa zaka zapitazo ikadali m'buku. Nyumba yogonamo anailemba kuti ndi ya bizinesi chifukwa mwini wakale ankachitiramo malonda, ndipo mlingo wa bizinesi nthawi zambiri umakhala wokwera. Tengani tepi muyeze nokha m'litali ndi m'lifupi, muchulukitse, muone ngati masikweya mita akugwirizana ndi a m'kaundula. Koma funsani kaye ngati iwo anayeza kunja kwa makoma kapena mkati, chifukwa kusiyanako kungakupusitseni kuti mwapeza cholakwa pamene palibe.

Kenako funsani funso limene ambiri amaliiwala: mtengowu ndi wa tsiku liti? Kaundula sanena mtengo wa lero. Amanena mtengo wa pa tsiku limodzi limene anasankha, ndipo nyumba zonse amaziyeza potengera tsikulo. Ku England magulu asanu ndi atatu a Council Tax, kuyambira A mpaka H, amatengera mitengo ya pa 1 Epulo 1991, moti ngakhale nyumba yomangidwa chaka chatha amaifunsa kuti ikanagulidwa zingati mu 1991. Wales inayezanso potengera mitengo ya 2003. Ku Germany ankagwiritsa ntchito mitengo ya 1964 kumadzulo ndi ya 1935 kum'mawa mpaka kumapeto kwa 2024. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2018 kuti zimenezi n'zosemphana ndi malamulowo, ndipo dongosolo latsopano linayamba pa 1 Januwale 2025. M'Malawi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limafuna kaundula watsopano zaka zisanu zilizonse, ndipo pakatipo pamatuluka kaundula woonjezera wa nyumba zatsopano ndi zosinthidwa. Ku South Africa kaundula wa mizinda ikuluikulu amakhala zaka zinayi, wa makhonsolo enawo zisanu.

Kaundula wokalamba ena amamukonda poganiza kuti akulipira zochepa, koma ine ndimaona kuti amapweteka anthu a m'madera osauka. Kumene mitengo yakwera kwambiri eni ake amalipirabe ngati kale, ndiye katundu amene akanasenza iwowo amagwera anthu a kumene mitengo sinasunthe.

Chachinayi: mvetsani njira imene anapezera mtengowo

Simungatsutse bwino mtengo musakudziwa kuti anaupeza bwanji. Njira zodziwika ndi izi.

Yofala kwambiri pa nyumba zokhalamo ndi kuyerekeza ndi nyumba zofanana nayo zimene zinagulitsidwa chapafupi, cha m'nthawi ya tsiku loyezera lija. Pa nyumba zimene sizigulitsidwa kawirikawiri, monga fakitale kapena chipatala, amawerengera ndalama zomangira ina yofanana nayo, n'kuchotsapo za kukalamba kwake, n'kuphatikizapo mtengo wa malo. Pa mashopu ndi maofesi amayang'ana lendi imene nyumbayo ingabweretse. Ku Singapore ngakhale nyumba zokhalamo zimayezedwa ndi lendi ya pachaka imene zikanabweretsa zikanakhala pa lendi, kaya mwini wake akukhalamo yekha. Estonia imadula msonkho pa nthaka yokha, osawerengera chomangidwapo. Mzinda wa Freetown ku Sierra Leone unayamba mu 2020 njira ya mapointi: amayeza kukula kwa denga pa zithunzi za m'mlengalenga, kenako amaonjezera kapena kuchotsera mapointi poona zinthu zooneka ndi maso, monga zipangizo za makoma ndi denga komanso msewu wofika pamalopo. Njira imeneyi ndimaiyamikira chifukwa mwini nyumba atha kuitsatira yekha n'kuona pamene alakwitsa.

Dziwaninso kuti m'mizinda ikuluikulu katswiri salowa m'nyumba iliyonse. Kompyuta ndi imene imaika mitengo ya nyumba zikwizikwi nthawi imodzi potengera zimene zili m'mafayilo. Kompyutayo sidziwa kuti khoma lanu lakumbuyo linang'aluka kapena kuti madzi amasefukira pabwalo mvula ikagwa. Ngati simunena inu, palibe amene anganene.

Malo ena ali ndi malamulo oletsa mtengo kukwera msanga. Ku California lamulo la Proposition 13 la 1978 linaika msonkho pa 1 peresenti ya mtengo wolembedwa, ndipo mtengowo sukwera kupitirira 2 peresenti pachaka mpaka nyumbayo itagulitsidwa. Zotsatira zake n'zakuti nyumba ziwiri zofanana, zoyandikana, zimalipira mosiyana kwambiri ngati ina yagulidwa posachedwa. Kumalo otere kuloza bilu ya mnansi sikukuthandizani, ndipo wogula asaganize kuti adzalipira zimene ankalipira womugulitsayo.

Chachisanu: werengerani nokha bilu

Tengani cholembera. Tiyerekeze kuti kaundula akuti nyumba yanu ndi ya 800,000, mu ndalama ya dziko lililonse. Lamulo likukhululuka 50,000 yoyambirira, ndiye yodulidwa msonkho ndi 750,000. Mlingo ndi 0.8 peresenti. Mukachulukitsa 750,000 ndi 0.008 mupeza 6,000 pachaka, imene ndi 500 pamwezi. Mlingo womwewu amaulemba mosiyanasiyana. Ku United States anganene kuti 8 mills, chifukwa mill imodzi ndi dola imodzi pa madola 1,000 alionse. Ku South Africa amaulemba ngati masenti pa randi imodzi. Kwina amayamba atenga gawo chabe la mtengo, mwina theka, ndiye n'kudula msonkho pa gawolo. Ngati masamu anu sakugwirizana ndi a pa bilu, onani ngati aphatikizapo ndalama ya zinyalala, ya suweji, ngongole yakale kapena chiwongoladzanja.

Mlingo umachokera kuti? M'makhonsolo ambiri umachokera ku bajeti. Khonsolo ikafuna 60 miliyoni kuchokera ku msonkhowu, ndipo mitengo yonse ya m'kaundula ikakwana 7,500 miliyoni, kugawa ziwirizi kumapereka 0.8 peresenti ija. Izi zikutanthauza kuti kukwera kwa mtengo wa nyumba yanu pakokha sikunena kuti bilu ikwera. Mitengo ya aliyense ikawirikiza kawiri koma bajeti osasintha, mlingo uyenera kutsika ndi theka ndipo mulipira chimodzimodzi. Zili ngati anthu onyamula mtanda umodzi wa denga: kulemera kwake n'komweko, chimene chimasintha ndi amene mtandawo wamutsamira kwambiri. Choncho kaundula watsopano akatuluka, musangoona kuti mtengo wanu wakwera bwanji. Onani ngati wakwera kuposa wa nyumba zina za m'deralo. Ndipo ngati mitengo yakwera koma khonsolo yasiya mlingo pomwepo, ndiye kuti yakweza msonkho mwakachetechete, ndipo funso limenelo ndi la makhansala pa msonkhano wa bajeti, osati la woika mitengo.

Chachisanu ndi chimodzi: dandaulani nthawi isanathe

Kaundula watsopano akatuluka, khonsolo imalengeza m'nyuzipepala, m'gazeti ya boma, pa webusayiti kapena m'kalata, ndipo imatchula tsiku lomaliza lolandirira madandaulo. Nthawi zambiri amakhala masabata ochepa. Ku South Africa lamulo la msonkhowu la 2004 limati nthawiyo isachepere masiku 30. Lembani tsikulo pamalo oonekera.

Yambani ndi kukambirana. Pitani kapena imbani ku ofesi yoika mitengo, mupemphe kuona fayilo ya nyumba yanu. Cholakwa choonekeratu, monga kukula kolakwika, nthawi zina amachikonza pompo. Komabe musalole kuti mawu a pakamwa akudyereni masiku. Lembani fomu ya dandaulo, muipereke nthawi isanathe, ndipo mutenge kope yodindidwa kapena uthenga wotsimikiza kuti yalandiridwa.

Pa fomupo nenani zinthu zimene woika mtengo angazipime. Kunena kuti msonkho wakwera kwambiri, kuti msewu wanu uli ndi maenje, kapena kuti mulibe ndalama, n'zoona zimene zimapweteka, koma pa fomu iyi sizisintha kanthu, chifukwa funso lake ndi limodzi: kodi mtengowu ndi wolondola pa tsiku loyezera? Chimene chimamveka ndi miyezo yanu pamodzi ndi pulani, zithunzi za ming'alu ndi denga lodontha zokhala ndi deti, makoteshoni a amisiri okonza, ndi mitengo ya nyumba zitatu kapena zinayi zofanana ndi yanu zimene zinagulitsidwa cha m'nthawi ya tsikulo. Tchulaninso mtengo umene inu mukuona kuti ndi woyenera. Ngati nyumbayo ndi yaikulu kapena ya bizinesi, lipoti la katswiri wovomerezeka woika mitengo limathandiza, koma yambani mwawerengera ngati ndalama yomulipira ingabwerere pa zaka zimene kaundulayo akhale akugwira ntchito.

Zinthu ziwiri muzidziwiretu. Dandaulo limatsegula fayilo yonse, ndiye ngati munaonjezera zipinda zimene sizili m'kaundula, mtengo utha kukwera m'malo motsika. Chachiwiri, m'malamulo ambiri kudandaula sikuimitsa kulipira. Pitirizani kulipira pa nthawi yake, ndipo mukapambana adzakubwezerani kapena kukusungirani yapamwambayo pa akaunti. Akakukanirani, pamakhala bwalo lapadera kapena khoti lochitirako apilo, ndipo nalonso lili ndi tsiku lake lomaliza.

Chachisanu ndi chiwiri: funsani za kuchotseredwa

Malo opembedzera, sukulu, manda ndi mabungwe achifundo nthawi zambiri amakhululukidwa kapena kuchotseredwa. Kwa anthu wamba, makhonsolo ambiri amachepetsera okalamba, olumala ndi opeza zochepa. Ku England munthu wamkulu wokhala yekha m'nyumba amachotseredwa 25 peresenti. Ku South Africa ma R15,000 oyambirira a mtengo wa nyumba yokhalamo sadulidwa msonkho, ndipo makhonsolo ena amakhululuka yoposa pamenepo. M'zigawo zambiri za United States amachepetsera munthu amene akukhala m'nyumba yakeyake. Zambiri mwa izi sizibwera zokha. Mumachita kupempha pa fomu, ndipo zina mumapemphanso pakapita nthawi.

Chachisanu ndi chitatu: lipirani, ndipo tsimikizani kuti ndalama yafika

Pa bilu onani tsiku lomaliza komanso ngati amalola kulipira pang'onopang'ono. Kwina ndi kamodzi pachaka, kwina kawiri, kwina mwezi ndi mwezi. Ku England nthawi zambiri amagawa bilu kakhumi, koma mukapempha amaigawa pa miyezi yonse 12. Makhonsolo ena amachotserako pang'ono olipira msanga.

Kaya mukulipira pa kauntala, ku banki, pa foni kapena pa intaneti, chofunika kwambiri ndi nambala ya akaunti ya msonkho. Ndalama yotumizidwa popanda nambalayi imalowadi ku khonsolo, koma imakakhala pa mulu wa ndalama zosadziwika mwini, inu m'buku mukuonekabe wangongole ndipo chiwongoladzanja chikukwera. Polemba pa silipi ya banki kapena pa foni, ikani nambalayo yokha m'bokosi lake, muiwerenge kawiri musanatumize. Nambala ya akaunti ya banki ya khonsolo itengeni pa bilu yeniyeni kapena ku ofesi, osati pa uthenga wa pa foni umene wangobwera. Musapatse ndalama munthu wobwera pakhomo wopanda lisiti la khonsolo, ngakhale atalonjeza kuti akuchepetserani.

Jambulani lisitilo tsiku lomwelo, chifukwa mapepala opyapyala a m'makina aja amafufutika pakapita miyezi. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, pemphani sitetimenti kapena lowani pa akaunti yanu muone ngati ndalamayo yalembedwa. Ngati muli ndi ngongole ya nyumba ndipo banki ndi imene imakulipirirani msonkho, monga zimachitikira kwambiri ku United States, onanibe nokha, makamaka chaka chimene mwamaliza ngongoleyo, chifukwa kuyambira pamenepo udindo umabwerera kwa inu.

Bilu ikapanda kufika musakhale chete n'kumati mwapulumuka. Kusalandira bilu sikufafaniza msonkho. Pitani mukaifunse, ndipo mukasamuka, mukasintha nambala ya foni kapena mwini nyumba akamwalira, dziwitsani khonsolo polemba.

Mukatsalira m'mbuyo, ndi pogula nyumba

Ngongole ya msonkhowu imayamba ndi chiwongoladzanja kapena chindapusa, kenako makalata ochenjeza, kenako khoti. M'mayiko ambiri imamatirira pa malo enieniwo, ndipo pamapeto pake malowo atha kugulitsidwa kuti khonsolo itengepo zake. Zisanafike pamenepo, pitani nokha mukapemphe kuti muzibweza pang'onopang'ono, ndipo panganolo lilembedwe. Funsani kuti ndalama imene mukupereka ayamba kuidula pa chiyani, pa chiwongoladzanja kapena pa ngongole yakale kwambiri, kuti sitetimenti ikabwera muzitha kuitsatira.

Popeza ngongoleyo imatsata malo, wogula nyumba atha kulowa m'mavuto a womugulitsa. Musanapereke ndalama yomaliza, pemphani sitetimenti yatsopano ya akaunti ya msonkho, ndiponso satifiketi ya khonsolo yosonyeza kuti palibe chotsala, kumene imaperekedwa. Ku South Africa umwini susinthidwa popanda satifiketi imeneyi, ndipo imaona ngongole za zaka ziwiri zapitazo. Ngati pali ngongole, gwirizanani polemba kuti idulidwe pa mtengo wogulira ndipo loya kapena inu eni mukailipire mwachindunji ku khonsolo. Msonkho wa chaka chogulira ugawidwe potengera miyezi imene aliyense wakhala mwini. Umwini ukasintha, tengani kope ya chikalata chatsopano mupite nayo ku khonsolo kuti dzina ndi adiresi za pa akaunti zisinthidwe, ndipo muli pomwepo funsani kuti kaundula wotsatira atuluka liti.